Pakhonde pa Azakhali: Nkhuku ya ku Cuamba

Fikani ana anga, mphasa ndi iyo. Wodwala msana atenge kampando. Juni wabwera ndi mphepo yake, ya kumapiri a Ngauma ija yolowa mpaka m'mafupa, koma makalata amene andipeza sabata ino ngotentha ngati mbaula. Fodya wagulitsidwa, soya wakwera galimoto, kandalama kalowa m'nyumba, ndipo paliponse pamene kalowa kasiyapo mlandu. Anthu atatu amene ndasankha lerowa akulira maliro amodzi. Anatuluka ndi banja kukagula zinthu ndi kukadya kutauni, n'kubwerako masaya atatupa, koma osati chifukwa chokhuta.

Bambo anadya nganga pa tsiku la ana

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mandimba cha kunjira yopita ku Chiponde. Fodya wa chaka chino tinalima awiri ndi bambo a kunyumba, kuyambira kuthirira nazale mpaka kusoka ndi kusankha masamba. Ndalama itatuluka, bambo analengeza kuti pa 1 Juni, tsiku la ana, tonse tipita ku Cuamba kukagula zovala, ndipo tikadya nkhuku ya palesitilanti ngati mabwana. Ana tulo sanatione bwino. Wamng'ono anakagona atavaliratu nsapato.

Tinakwera chapa tambala woyamba atangolira. Bambo anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ine kumbuyo, ana awiri pamiyendo, wina kumsana, wamkulu atapanikizika pakati pa thumba la nyemba ndi dengu la nkhuku za eni. Titatsika ku Cuamba, bambo anayamba kuyenda patsogolo patali ngati satidziwa. Ndalama anali ataika m'sokosi. Chilichonse chimene ndaloza, yankho linali limodzi: "Tione kaye kwina." Tinaona kwina mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kenaka analowa okha m'sitolo ina, n'kutulukamo atakumbatira chiwailesi choyaka timagetsi tofiira ndi tobiriwira, chija amachilumikiza ndi foni. Pamenepo kwina sanaone.

Ana tinawagulira zovala za pakalamidade, zakaunjika zija, mothamanga, osawayesa n'komwe. Ine ndinapata kapulana imodzi nditatsala pang'ono kugwada pamsewu.

Pa chakudya ndiye pamene pandipweteka. Anaitanitsa nkhuku imodzi yootcha, tchipisi mbale ziwiri ndi mabotolo atatu a Frozy, anthu tili asanu ndi mmodzi. Nkhuku itafika anadzipatsa nganga ndi ntchafu, n'kufunsanso wogulitsa kumene kwapita nthutumba. Ntchafu inayo inapita kwa mnzawo wina amene anangotulukira mbale zitangotera patebulo. Ana anagawana mapiko ndi khosi. Ine ndinanyambita piripiri wotsala m'mbale. Atasamba m'manja anati, "Ndikubwera pompano," n'kulowa m'baraka ndi mnzawoyo. Pompano wakeyo anakwana 4 koloko madzulo. Tinakwera chapa yomaliza, tinafika usiku, nsapato imodzi ya wamng'ono inatsala m'njira, ndipo malaya a wachiwiri ngaakulu moti angawavale atsibweni ake.

Panopa bambo akuuza mudzi wonse kuti anatiyendetsa, wailesi ili pakhonde kusokosa. Akuti Disembala tibwerezanso. Ndikane kodi, Azakhali?

Ndine wanu,
Mayi wonyambita mbale, Mandimba

Mwana wa achimwene anga,

Pepa, koma ndaseka mpaka mpango wandigwa. Sendera kuno ndiyambe ndakutsina khutu iweyo, bambowo ndiwapeza pambuyo.

Unanyamuka ku Mandimba ulendo wa makilomita pafupifupi 150, ndi ana anayi, osadziwa kuti m'sokosimo muli zingati? Nazale unathirira nawo, utomoni wa fodya unakudetsa manja chimodzimodzi, nanga tsiku lowerenga ndalama unali kuti? Kumadzi? Mlandu umene ukuti ngwa ku Cuambawu unabadwira pamphasa ya kwanu, usiku umene munagona osakambirana. Komanso usandinamize kuti unaloza kapulana imodzi yokha. Ndimakudziwani ana anga. Mukafika pamene apachika makapulana mumagwira iyi, kuyala iyo, kufunsa mtengo wa zonse, kuitanitsa ya pamwamba penipeni kuti mnyamata wa eni akwere makwerero, ikatsika n'kunena kuti maluwa ake achuluka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwina "tione kwina" wina anali wothawa iweyo.

Tsopano apatsire bambowo tsambali, ndilankhule nawo mwaulemu wake.

Akamwini, mwaswera bwanji? Wailesi ikulira bwino? Ndamva kuti pa tsiku la ana, mwana amene anasangalala koposa ndinu, wa ndevu. M'dziko muno masiku anagawidwa bwinobwino. Pa 7 Epulo mpa amayi, pokumbukira Josina Machel amene anamwalira tsikulo mu 1971, ndipo mayi aliyense amafuna kutuluka ndi kapulana yatsopano. Pa 1 Meyi mpa antchito. Tengani limenelo, ndinu wolimbika. Ngati mumadziona kuti ndinu ngwazi, palinso 3 Febuluwale. Koma 1 Juni muwasiyire eni ake.

Za nthutumba sindikutsutsani. Kunyumba nkhuku ikaphedwa, nthutumba nja bambo, ndipo mayi woisowetsa amafunsidwa. Koma makolo amene anaika mwambo umenewo sankatsuka mbale ndi chala mwana akuwayang'ana m'kamwa. Ankasiya ntongo ya nsima, ankasiya fupa lili ndi mnofu wake, n'kuitana wamng'ono kuti adzachotse mbale, onse akudziwa kuti zotsalazo nzake. Inu mwatola mbali ya mwambo yokukomerani, inayo mwaisiya m'chapa pamodzi ndi nsapato ya mwana. Nanga mnzanu wotulukira ndi fungo la nkhuku uja, anakupalirirani mizere ingati? Pa nthawi yothirira nazale anali kuti? Anthu otere Januwale sawaona. Amamera ndi ndalama ya fodya ngati bowa.

Bwerera kuno iwe mwana wanga, ndikuyankhe. Usakane. Mwamuna amene waganizako zotuluka ndi mkazi ndi ana masana dzuwa likuswa mtengo, m'malo mozemba yekha ndi ndalama n'kubwera patatha sabata matumba ali pululu, ali ndi poyambira. Ofunika kumuwongola basi, ngati mtengo wa denga.

Pa 25 Disembala boma la Mozambique limati ndi tsiku la banja, Dia da Família, ndiye Mkhristu ndi Msilamu yemwe ali nalo gawo. Koma zogula mukagule masiku angapo tsikulo lisanafike, masitolo asanatseke komanso chapa isanayambe kudzaza anthu ngati matumba a makala. Usiku woti mawa ndi ulendo, ana atagona, yalani mphasa nonse awiri. A Samora onse, ndalama zija, atuluke m'sokosi, muwawerenge mmodzimmodzi. Choyamba mupatule ndalama imene siyenera kukwera nawo chapa: ya feteleza, ya makope ndi yunifolomu, pakuti sukulu imatsegulira chimanga chisanache, nthawi imene nkhokwe imayamba kuonetsa pansi. Yotsalayo muiike m'miulu inayi: wa chapa kupita ndi kubwera, wa zovala za ana, wa chakudya, ndi kamulu kakang'ono ka zokhumba mtima, kamene mugawane pakati, bambo kwawo iwe kwako. Mulu wa chapa ndi wa chakudya ukhale ndi iwe, pamfundo ya kapulana kapena mufoni mwako pa M-Pesa kaya e-Mola, nambala yachinsinsi ili m'mutu mwako. Bambo akafuna wailesi ina, ikwane pa kamulu kawo.

Shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira usavutike kuzisenza kuchokera ku Cuamba. Pamsika wa Mandimba zilipo, ndipo ndalama imene ukuti wapulumutsa idzathera kulipira katundu m'chapa. Pakalamidade sagula ndi liwiro. Fikani m'mawa belo likangomasulidwa, mwana aliyense ayese pomwepo, uyang'ane m'khwapa, zipi ndi mabatani. Kugula chokulirapo pang'ono ndi nzeru, mwana amakula. Koma chokwana atsibweni ndi bulangete.

Ukatha pamenepo, atengere anawo kukaona chimene pa tauni ya Mandimba palibe. Cuamba, imene Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, ndi mphambano ya njanji: ina imapita ku Nampula ndi Nacala, ina ku Lichinga, ina ku Entre Lagos n'kukalowa m'Malawi pa Nayuchi. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pomwepo, zazitali moti mwana wa giredi yachiwiri powerenga mabogi amasokonezeka n'kuyambiranso. Imani patali ndi njanji, ana uwagwire manja, awerenge. Uwalozerenso phiri la Mitucué limene laima kumbali kwa tauniyo. Zonsezi sulipira ngakhale metikali imodzi. Malaya adzathina pofika Pasaka, koma za sitimayo adzakhala akusimbirabe anzawo mpaka aphunzitsi kuwaletsa.

Pa chakudya, werenga mitu usanaitanitse, ndipo funsa mtengo mbale isanabwere. Ngati ndalama ikukwana nkhuku imodzi, siyani tchipisi, itanitsani nsima yambiri ndi nyemba, nkhukuyo ikhale yokometsera. Ikafika patebulo, wogawa ndiwe, monga umachitira kunyumba. Yamba ndi wamng'ono. Bambo apatse nthutumba yawo ngati ilipo, ndi ulemu wonse, manja awiri. Mnzawo akatulukira, umulonjere bwino, umufunse za kunyumba, n'kumuuza kuti wogulitsa ali apoyo, nkhuku zilipo zambiri. Ndipo bambo akati "ndikubwera pompano," uwapatse wamng'ono uja amugwire dzanja apite naye. Tione ngati m'baraka akhalitsamo.

Wailesiyo usaiphwanye. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Yagulidwa ndi thukuta lako lomwe, ndiye bambo akachoka, tsegula nyimbo zako, uvine ndi ana.

Apongozi anandifulatira pa Mandimba

Azakhali,

Ndine bambo wa ana awiri. Kwathu ndi ku Mecanhelas, ndinakulira mumpingo, koma ndili pachikamwini kufupi ndi Massangulo m'boma la Ngauma, ndipo akuchikazi ndi Asilamu. Nditagulitsa nyemba ndinati ndionetse kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mlesi. Ndinatenga mkazi wanga, ana ndi apongozi anga aakazi, ulendo wa ku Mandimba. Apongozi ndinawagulira kapulana ziwiri, mpango ndi ketulo. Nthawi ya nkhomaliro ndinawatsogolera pamalo ena odyera, a matebulo oyala nsalu, n'kuitanitsa nkhuku ziwiri m'Chipwitikizi chomveka bwino.

Apongozi anafika pakhomo, anasuzumira, n'kubwerera kukakhala pansi pa mtengo wa mango atandifulatira. Ndinatuma mwana ndi mbale. Mbaleyo inabwerera ndi funso lakuti nkhukuyo anachinja ndani. Wogulitsa anangoti iye anaitenga m'firiji. Mkazi wanga atamva zimenezo nayenso anasamba m'manja, n'kukakhala ndi mayi ake. Ndinatsala ndi tiana tiwiri ndi nkhuku ziwiri, anthu akundiyang'ana. Apongozi anadya pau ndi nthochi basi. Kodi uku si kundinyoza? Ndalama zanga zapita pachabe.

Mkamwini wokhumudwa, Ngauma

Mwana wanga wamwamuna,

Nkhuku ziwirizo zinathera m'mimba mwa yani? Ndangofunsa, poti ukuti ndalama zapita pachabe.

Iwe, zaka zonse wakhala pamudzi wa eniwo, unayamba wapisapo dzanja m'mbale imodzi ndi apongozi ako aakazi? Mukakumana panjira ya kudimba, suja mmodzi amapatukira kutchire? Ndiye unaganiza kuti kansalu ka patebulo ndi ka "faz favor" kako zifafaniza zonsezo? Mayiwo anakulemekeza. Kufulatira kuja ndi ulemu wa mpongozi. Akanakhala nawe maso ndi maso n'kumang'amba ntchafu, mafuta akutsikira m'zigongono, iweyo ukuona, ndiye pamene ukanandilembera kuti wanyozedwa. Unafuna kuwakweza, koma unawaika pamalo pamene sakanatha kumeza ngakhale madzi.

Funso la wochinja nalonso silachipongwe. Kwa Msilamu nyama imadyedwa ngati yachinjidwa mwa malamulo ake, dzina la Mulungu litatchulidwa, magazi atatuluka. Yankho lakuti "ndaitenga m'firiji" silikwanira, pakuti firiji sichinja nkhuku. Ku Ngauma ndi ku Mandimba, kumene Ayao ambiri ndi Asilamu, ngakhale mwana amazidziwa zimenezi. Mishoni ya Akatolika ya ku Massangulo yakhala pakati pa Asilamu kuyambira 1928, ndipo anthu a zipembedzo ziwirizi anaphunzira kalekale kudyerana: Mkhristu akafuna kuti pa ukwati kapena pa maliro aliyense adye, mbuzi amakaipereka kwa mnansi wachisilamu kuti achinje. Iwe wakhala ukudya za m'nyumba imeneyo zaka zonsezi osafunsa kuti mpeni amagwira ndani?

Cholakwa chako chachikulu nchakuti unali ndi nkhoswe pambali pako koma sunaifunse. Mkazi wako akanakuuza m'mawu awiri malo amene mayi ake angadyepo, pakuti pa Mandimba ophika achisilamu sasowa. Akanakuuzanso kuti nsomba ilibe mlandu wa mpeni: ya ku Amaramba, ya ku Chiuta, kaya karapau wokazinga. Ungofunsa kaye usanaitanitse mlamba, ena sadya nsomba yopanda mamba. Nyemba zilipo, chigwada chotendera chilipo.

Ulendo wina uchite chonchi. Chakudya akukulungireni, mupite nacho pansi pa mtengo womwe uja. Kapulana imodzi iyalidwe apa, pakhale apongozi, mwana wawo ndi zidzukulu. Iwe ukhale chapatali pang'ono, chammbali, ana azithamanga pakati ndi mchere ndi madzi. Mudzadya nthawi imodzi, mthunzi umodzi, aliyense momasuka, ndipo udzamva mayiwo akuseka kumbuyo kwako. Kumudzi mumadya choncho masiku onse, ndipo palibe amati simuli banja.

Panopa usakhale ndwii ngati wamwa mankhwala owawa. Gula tambala wamoyo, umupereke kwa apongozi aamuna kapena kwa ashehe achinje, mkazi wako aphike, mbale yabwino ipite kunyumba kwa mayiwo. Osanena zambiri. Ketulo ija akuwiritsira kale tiyi, ndipo ndikhulupirire, kuchitsime akukutama.

Amayi amandichititsa manyazi mumsika

Azakhali,

Ndine mtsikana wa kusekondale kuno ku Cuamba. Mwezi ukatha timapita tonse kumsika: amayi, ine ndi azing'ono anga awiri. Vuto ndi amayi. Amanenerera mtengo mokweza mawu, mpaka kukangana chifukwa cha mametikali asanu. Njala ikatipweteka amatikhazika pakhonde la sitolo, n'kutulutsa chinangwa chophika ndi mtedza zochokera kunyumba. Anzanga amajambulitsa akudya tchipisi ndi ayisikirimu n'kuika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Tsiku lina anandiona ndili ndi chinangwa kukamwa. Panopa ndimayenda kumbuyo kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi. Ndiwauze bwanji kuti asinthe?

Mtsikana wamanyazi, Cuamba

Kamwana iwe,

Foni imene ukuonera zithunzi za anzakoyo inagwa kumwamba? Mamega amene umathiramo amamera kuseri kwa bafa? Mametikali asanu amene mayi ako amamenyera pa tomato, asanu ena pa usipa, khumi pa mafuta, ndiwo amasanduka kope lako, sopo wako ndi mafuta odzola amene akukuwalitsa mpaka kuyamba kuona mayi ako ngati mlendo.

Mumsika mtengo woyamba ndi moni chabe. Wogulitsa amautchula akudziwa kuti muyankhana, ndipo amene amalipira osanenerera amamuseka akangotembenuka. Mayi ako ali pa ntchito pamenepo, ndipo ntchitoyo amaidziwa. M'malo mobisala kumbuyo, senza dengu, ima pambali pawo, tchera khutu. Ona mmene amatembenuzira nsomba, mmene amagwedezera chitini cha nyemba kuti chidzaze bwino, mmene amachokera ngati akupita kuti aitanidwenso. Zimenezo kusukulu saphunzitsa, koma zidzakudyetsa.

Za anzakowo usadandaule. Mbale imodzi ya tchipisi amajambulitsa nayo anthu asanu mosinthana, kenaka aliyense n'kupita kwawo kukafunsa ngati mkute watsala. Chithunzi sichionetsa ngongole.

Kulakalaka ayisikirimu si tchimo, nanenso ndimamukonda ngakhale mano anatha. Koma pempha kunyumba, usiku, mwaulemu: "Amayi, mawa zikatsalako, tingalaweko?" Osati pakati pa msika milomo itatalika. Ukhozanso kuwathandiza kukazinga mabajiya Loweruka, phindu lako usunge, tsiku la msika uwagulire iwowo ndi azing'ono ako. Ukatero ujambule chithunzi, mayi ako ali pakati, chinangwa chili pambali, unditumizire.

Nonse atatu, ndi inu amene mukuwerenga chamseri ngati nkhaniyi si yanu, Disembala sali patali. Werengani ndalama musanakwere chapa, ndipo pobwerera muwerenge ana ndi nsapato zawo. Mukamadutsa pano musaiwale kapulana ya azakhali anu, ya maluwa achikasu, ya pamwamba penipeni ija.

Ndine,
Azakhali anu